Dzulo Malemu Anali E

Usiku wathawu ndinalota maloto oti mukawamva, inu a Nangondo ndi inu Abiti Matola, musiya kundifunsa chifukwa chake ndafika pamsika pano dzuwa litakwera, nditavala patapata kuphazi limodzi. Koma ndiyambe ndi za dzulo masana, chifukwa malotowa sanagwe kumwamba ayi, anachokera kwa Malizani wobena nyimbo uja wa pafupi ndi chigayo.

Mukudziwa kale kuti amuna anga, bambo a Felesiya, atamwalira, abale awo anasesa m'nyumba. Alamu anga a Fulaye ndiwo anafika koyamba pamaliro n'kukhala pampando wa malemu, basi kuyambira pamenepo aliyense ankawatchula kuti eni nyumba. Makina osokera anapita, njinga inapita, wailesi inapita, ngakhale jekete yong'ambika m'khwapa inapita. Chimene anasiya ndi kafulashi kakuda, kotalika ngati chala, chifukwa ankayesa n'chotsekera cholembera. M'kafulashi mmenemo muli mawu a malemu amene anajambulidwa pachinkhoswe cha Felesiya. Amayamba ndi kutsokomola, kenako kugogoda maiki ndi chala, n'kufunsa kuti, "Kodi chayaka chimenechi? Mukundimva kumbuyoko?" Akatero ndiye malangizo aatali, ena anzeru, ena a Chibuku. Padziko lonse lapansi palibenso kwina kumene kuli mawu a munthu ameneyo.

Tsono Felesiya ku Karonga wabereka mwana wamwamuna, akufuna kuti akule akumva agogo ake. Ndiye dzulo ndinapita kwa Malizani kuti akope mawuwo pafulashi ina yoti nditumize. Iye ananditulutsira ina yakale, yakudanso chimodzimodzi ngati mapasa, yodzaza mafilimu a zibakera. Anati ayamba waifomata, ndiko kuti kufufuta zonse mpaka mbee, kenako aikemo malemu. Anazilowetsa zonse ziwiri m'kompyuta n'kundilozera pagalasi.

"Onani, mayi. Ya bambo ndi E iyi. Yofufuta ndi F."

"Wazipatsa mayina ndani?"

"Kompyutayi. Yoyamba kulowa imatenga E, yachiwiri F."

"Nanga A ndi B? Kusukulu ndinalekeza msanga, koma ndikudziwa kuti zilembo siziyambira pa E."

Anaseka mpaka kuonetsa zibwano. Anati A ndi B zinatha kalekale, C ndi mimba ya kompyuta yomweyo, D ndi wa ma CD. Ali pakati poseka, magetsi anazima, kompyuta zii. Anazula mafulashi onse awiri, n'kuwaponya m'chitini cha mkaka, nati, "Magetsi akangoyaka ndifufuta F. Inu mubwere mawa masana." Ine chitsiru ndinavomera, ndinathokozanso.

Ndiye m'malotomo ndinapezeka ndili pakhomo pa Malizani, dzuwa lili paliwombo, mwiniwake palibe, chitini cha mkaka chija chili patebulo chikutsokomola. Chifuwa chimenecho ndinachidziwa, ndagona nacho pamphasa imodzi zaka zambiri. Nditsegule chivundikiro, ndinaona mafulashi aja atamera timiyendo. Ya malemu inatuluka pang'onopang'ono, ikutsimphina mwendo wopondera makina ngati eni ake. Inayo inalumpha, n'kupota m'malere, ikukuwa ngati wotanthauzira mafilimu: "Eeeh, abale inu, taonani chibakera! Wafa uyu, wafa asanadye!" Nditaiyang'anitsitsa, inali ndi ndevu za alamu a Fulaye.

Mwadzidzidzi kabowo kolowetsapo fulashi kaja kanayasamula, kanakula, kanakulabe mpaka kufanana ndi geti ya ofesi, ndiye tonse atatu tinalowa. M'katimo munali khonde lalitali lonunkha fumbi ndi waya wopsa, mabenchi mbali zonse, mzere mpaka uko. Timamemore khadi tikulira kumsana kwa mafoni ngati makanda kusikelo. Malemu anaima bwinobwino pamzere, manja kumbuyo, monga ankachitira pogula feteleza. Titangotsala pang'ono kufika pawindo, fulashi ya ndevu ija inawagunda ndi chigongono.

"Pepani achimwene, ine ndili ndi changu."

"Pitani, pitani, palibe vuto," anatero malemu.

"Palibe vuto chiyani?" ndinawakalipira. "Munafatsa moyo wonse, lero mukufatsanso muli m'manda?"

Pawindo panali kalaliki wa tayi, chidindo m'manja. Anakuwa, "Woyamba!" n'kudinda wandevu uja pamphumi, du: E. Anakuwanso, "Wachiwiri!" n'kudinda amuna anga, du: F. Pamwamba pawindo panalembedwa ndi zilembo zofiira kuti onse a F akafufutidwe lero lomwe.

"Bambo, mwalakwitsa," ndinatero. "Awa ndi amuna anga. Dzulo anali E, ndinaona ndi maso angawa."

Diso limodzi la kalaliki linandiyang'ana, lina linapita kudenga kukasaka ntchentche. Khungu lake linabiriwira, linayera, linafiira ngati chitenje changa, ndiye ndinaona kuti ndikulankhula ndi nanzikambe, tayi ili m'khosi.

"Dzulo ndi dzulo, mayi," anatero. "Kuno dzulo sitisunga. Magetsi akazima timaiwala zonse, akayaka timagawa mayina mwatsopano."

"Ndiye dzina la munthu limavulidwa ngati malaya?"

"Dzina si la munthu, mayi, ndi la mpando. Wakhalapo koyamba ndiye mwini."

"Mawu amenewo ndinawamva kale, pamaliro, mtembo uli m'nyumba."

Malemu anandikoka chitenje. "Esinta, usakangane ndi anthu a ofesi. F nayenso ndi chilembo."

"Khalani chete inu! Mukudziwa kuwerenga kuposa ine, tawerengani pamwambapo."

Ndiye nditacheuka ndinaona mipando iwiri yawofuwofu kutsogolo, yoyalidwa tinsalu toluka, maluwa a pulasitiki pambali, wina wolembedwa A, wina B, yonse yopanda munthu. Ndinanyamula amuna anga kuti ndikawakhazike pa A. Khonde lonse linagwira pakamwa. Mafoni analeka kulira, makanda omwe anasiya kuyamwa.

"Mayi! Mayi!" nanzikambe anathamanga mwa kuthamanga kwake, phazi limodzi lero, lina mawa. "Eni mipando imeneyo anamwalira kalekale. Mpando wa malemu sitikhalapo!"

"Ha! Kuno malemu mumawasungira mipando mpaka fumbi, pamene kwathu mpando unakhalidwa mtembo usanazizire. Chabwino, awanso ndi malemu. Asungireni E wawo."

"Awo anali malemu a muno. Anuwa ndi malemu obwera. Kadandauleni kwa bwana C."

Pafupi pamenepo panakhala nkhalamba ina yogontha, pamphumi D, anthu onse anaiiwala. Ntchito yake inali kutulutsa lilime lalikulu lozungulira ngati mbale, anthu n'kumaikapo makapu a tiyi. Nditaifunsa njira ya kwa bwana, inatulutsa lilimelo, dyoo, ine n'kupondapo, ndiye linandikokera m'kati, ndipo mwadzidzidzi ndinali mu ofesi yodzaza matumba mpaka kudenga.

Bwana C anakhala kuseri kwa tebulo, suti yothina, akudya. Ankadya chilichonse: zithunzi za maukwati a eni, nyimbo za kwaya, maulaliki, zina zoti sindingazitchule pamsika pano. Ndikulankhula, mphuno yawo inkatalika, makutu anagwa, mabatani anathothoka, kamchira kanapotana kumbuyo. Nkhumba, anzanga, yamimba yofiira.

"Fulumirani, mayi, ndadzaza," inatero ikugeya.

"Amuna anga dzulo anali E, lero mwawasandutsa F."

"Ndiye ine ndichite chiyani? Ine langa silisintha. Ndinabadwira muno, ndimadyera muno, sindituluka. Enanu olowa ndi kutuluka ngati aganyu ndiye mukufuna tikusungireni mayina? Mlendo ndi mame, mayi."

"Mame ndinu, chinkhumba inu! Kodi sizingatheke kumupatsa munthu dzina lake lokhalitsa, loti akatuluka n'kubweranso azilipeza?"

"N'zotheka kwambiri," inatero, ikutokosa m'mano ndi chithunzi cha mkwatibwi. "Khomo lake ndi ilo, kuseri kwa matumbawo. Ntchito yake ndi yochepa kuposa kuyetsemula. Kungoti palibe amene amagogoda, anthu ali ndi changu."

Ndinakankha matumba, ndinatsegula kakhomoko, ndiye m'malo mwa chipinda ndinagwera m'minibasi yopita ku Chirimba, malemu ali pamiyendo panga. Mmenemo namonso lamulo linali lomwelo. Kondakitala ankagawa mayina pakhomo monga mwa kakweredwe. Abusa ena a kolala yoyera anakwera n'kutchedwa Nabiyeni, anavomera, n'kuyamba kufunsa mtengo wa zitenje. Inu a Nangondo munalimo, mutapatsidwa dzina la Abiti Matola, mukuyankha moni wa Chiyao umene simuudziwa. Inu Abiti Matola munachedwa kukwera, mayina a anthu anali atatha, munatchedwa Thumba la Makala, mukulipira mtengo wa katundu. Musaseke, si ine ndinakutchani.

Pasiteji iliyonse wina akatsika, mayina onse ankasuntha mpando umodzi. Mayi wina anatembenuka kuti alankhule ndi mwamuna wake, anapeza dzina la mwamunayo lili pa mnyamata wogulitsa mazira, mwamuna weniweniyo wasanduka apongozi ake, ndiye anayamba kumuthawa maso ndi kufunda kumutu.

"Nanga langa lili kuti?" ndinafunsa.

"Esinta anakwera kale," anatero kondakitala, akuloza nkhuku imene inali m'dengu kumpando wa kutsogolo. Nkhukuyo inandiyang'ana ndi diso limodzi, n'kunena ndi mawu angawa kuti, "Tomato wakwera, osakhudza ngati sukugula."

Malemu anandigogoda pabondo. Anatembenuka chagada, n'kundionetsa pamimba pawo, pa kachitsulo kolowa m'kompyuta paja. Panali timanambala ting'onoting'ono, mzere wautali ngati wa mayunitsi a magetsi.

"Ili ndi dzina langa lobadwa nalo, Esinta," anatero. "Palibe wina ali nalo, silisintha ngakhale magetsi azime chaka. Kungoti sanandifunsepo."

"Ndiye inu osanena bwanji?"

"Ndimaopa kuvutitsa."

Ndinayamba kuwerenga mokweza kuti onse amve, koma nambala iliyonse ndikangoitchula inkadzuka n'kuyenda, zonse zinasanduka linthumbu, zinalowa m'chitenje, kundiluma m'ntchafu. Ndinakuwira kondakitala kuti awerenge yekha. Atatembenuka, anali nanzikambe yemwe uja, tayi yomweyo.

"Dzina limenelo ndi lalitali, mayi," anatero. "Lilime langa silingafike."

Akunena choncho lilime lomwelo linadutsa pamitu ya anthu onse, kukagwira ntchentche pagalasi la kumbuyo, n'kubwerera.

Mwadzidzidzi anamenya denga la minibasi. "Siteji ya F! A F onse tsikani!" Ndinawakumbatira amuna anga, ndinawabisa m'kamisolo, koma anapezeka ali pansi, akutsimphina kulowera okha, akupepesa anthu amene ankawaponda. Ndiye ndinawatsatira m'chipinda choyera mbee, chopanda ngakhale msomali kukhoma. Pakati panali chingwe choyanikira zovala, ndipo pachingwepo anayanikapo mawu onse a malemu, lililonse ndi chopanira chake. Koyambirira kutsokomola kuja, kenako kugogoda maiki, kenako funso, kenako malangizo, mpaka kumapeto kumene anandiyamika pagulu kuti ndine mkazi waukali koma sindinawagonekepo ndi njala. Mawu amenewo anawanena kamodzi kokha moyo wawo wonse, tsiku limenelo.

Pakona panakhala munthu wovala chipewa cha Malizani, wailesi ya malemu ili pambali, ndipo fulashi ya ndevu ija itakhala pamakina osokera, ikupalasa ndi timiyendo, E akunyezimira pamphumi. Munthu wachipewayo atadzutsa mutu, nyanga zinaboola chipewa, fungo linadzaza chipinda. Tonde.

Khoma linatsegula pakamwa n'kufunsa mwaulemu kuti, "Zonse za mwa F zifufutidwa. Kodi mukutsimikiza?"

"Eya," anatero tonde, osayang'ana n'komwe, akutafuna katoni.

Khoma linafunsanso, "Mukutsimikizadi?"

"Ndati eya. Mafunso ngati apolisi bwanji?"

"Iwe!" ndinakuwa. "Watsegula kaye n'kuona kuti muli ndani?"

"Mayi, ntchito yanga ndimaidziwa. Dzulo ndinati F, lero ndikuti F. Munthu wosasintha mawu ndine."

"Mawu ako sanasinthe, koma anthu asinthana mipando, mbuzi iwe!"

"Mee," anatero, n'kuponda batani ndi chiboda.

Ndiye kumapeto kwa chingwe kunatulukira njoka yobiriwira, yonenepa, yosafulumira. Inayamba ndi mawu ondiyamika aja, inawameza ngati dzira. Inameza malangizo a ulemu kwa apongozi. Inameza a Chibuku aja, inayetsemula, inapitiriza. Paliponse pamene yadutsa chingwe chinkatsala mbee. Ndinayesa kuthamanga, miyendo yanga inati yapatsidwa dzina la munthu wina, siingamvere ine. Ndinayesa kukuwa, mawu anga anali ndi nkhuku ija kuminibasi. Wandevu uja ankaombera m'manja pamakina: "Eeeh, abale inu, taonani njoka! Watha uyu, watha kachiwiri!"

Malemu anaima pansi pa chingwe, akuchepa, akuchepa. Anandiyang'ana, n'kugogoda mpweya ndi chala.

"Kodi chayaka chimenechi? Mukundimva kumbu..."

Njoka inatseka pakamwa.

Apo ndiye mkwiyo unandimasula. Ndinavula patapata, ndinamuphika nayo tonde pakati pa nyanga, ndinamenya khoma, ndinamenya wandevu, ndinakwera pamsana pa njoka n'kuyamba kuipuntha kuti ilavule, koma mimba yake inkangolira, gu-gu-gu, ikupera mawu a amuna anga, gu-gu-gu-gu, phokoso likukula mpaka denga kunjenjemera.

Ndinatsegula maso. Kunja kwayera, pilo ali pansi, dzanja likuwawa chifukwa chomenya chipupa. Koma gu-gu-gu uja sanaleke. Chinali chigayo, cha pafupi ndi Malizani chija. Ndinagona pamenepo kamphindi ndikuthokoza Mulungu kuti anali maloto, kenako ndinakumbukira: chigayo sichilira popanda magetsi.

Ndinaliyatsa liwiro, patapata inayo sindikudziwa kumene inagwera, mwina pamlatho. Ndinamupeza Malizani atatsegula kale, kapu ya tiyi kudzanja ili, linalo lili pakompyuta, chitini cha mkaka chili pululu, mafulashi onse awiri atalowetsedwa.

"Chotsa dzanja pamenepo!"

"Aa, mayi, mwadzuka bwanji? Ndikungofufuta F uja tinagwirizana."

"Wayamba kulowetsa iti?"

Anayang'ana mafulashi, anayang'ana chitini, anayang'ana phazi langa lopanda patapata. "Imene inali pamwamba," anatero.

"Tsegula F."

"Mayi, ine ntchito imeneyi..."

"Ukanena kuti umaidziwa, ndikuthyola nyanga. Tsegula."

Anapukusa mutu ngati akulankhula ndi wamisala, n'kudina. Musipika munatuluka chifuwa. Tiyi anatayikira pathalauza, iye osamva n'kutentha komwe. Anazimitsa msanga, n'kunena ndi mawu aang'ono kuti akanatsegula ndithu asanafufute, amatero nthawi zonse. Mwina n'zoona, sindikudziwa. Tonde nayenso anali ndi mawu abwino.

Ndinamuuza kuti kuli kakhomo kuseri kwa matumba. Sanandimve, ndiye ndinanena Chichewa choongoka: awapatse dzina loti lisachoke. Anadina apa, anadina apo, kuyetsemula kumachedwa, pagalasi panatuluka dzina la malemu, WILIKISI, zilembo zikuluzikulu. Anati chilembo cha kumapeto chikhoza kumasinthabe, lero F mawa E, koma dzinalo lalembedwa m'kati mwa fulashi, lipita nayo kulikonse. Ine ndinang'amba kansalu kumphepete kwa chitenjechi, onani apa, n'kumangirira amuna anga m'chiuno, kuti ngakhale mbuzi iziona. Ya ndevu ija ndinaimirira mpaka njoka yobiriwira ya pagalasi inaimeza yonse ndikuona, ndipo ndinaiuza kuti ipereke moni kwa a Fulaye.

Atamaliza kukopa, Malizani anafuna kuzula. Ndinati ayi, bwezera poyambira, ukweze. Anthu a kuchigayo anali atadzaza pakhomo ndi ufa m'nsidze, kudzaona mayi wolalata m'mawa. Onse anatchera khutu. Chifuwa chinamveka, kenako chala pamaiki.

"Kodi chayaka chimenechi? Mukundimva kumbuyoko?"

"Tikukumvani, bambo a Felesiya," ndinayankha. "Lankhulani. Pampando pamenepo sakuchotsaninso munthu."